Nyale ya dongo ya Søholm: thunthu ndi labwino, koma waya wake musamukhulupirire

Nyale imene ndikuikamba pano ndi ya patebulo, youmbidwa ndi dongo, yochokera ku Denmark, ya m'zaka za m'ma 1960. Thunthu lake, kupatula chipewa chophimba babu, limapitirira pang'ono rula ya ana asukulu ija ya masentimita 30. Kumunsi ndi yonenepa, kenaka imanka niwonda mpaka kukhosi kumene kumakhala babu. Mtundu wake ndi buluu wodera, koma pa mizere yotumphuka imene yazungulira mimba yake buluuyo amapyapyala, dongo lofiirira n'kumasuzumira. Mlendo akalowa pabalaza amayamba waisisita asanafunse kumene ndinaitenga, ndipo akainyamula amati, "Iii, kulemera chonchi?" Ndayamba ndi thunthu dala, chifukwa pa nyale zamtunduwu chimene munthu amagula ndi chomwecho basi. Chingwe, pulagi, holda ndi chipewa n'zosintha, ndipo pa nyale imene yadutsa zaka 50 zina mwa izo n'zofunika kusintha ndithu.

Ine ntchito yanga ndi ya magetsi. Ndili ndi kashopu pa boma pano pa Dedza, ndimakonza makuka, maayironi ndi maketulo, komanso ndimalowetsa mawaya m'nyumba zatsopano. Nyalezi zinabwera ziwiri, ndi mwana wa mlongo wanga amene amakhala ku Lilongwe. Mnyamatayu sasemphana ndi selo ya azungu amene akubwerera kwawo, ndipo pa selo ina anapeza katoni ya zingwe zakutha, m'kati mwake muli nyale ziwiri zopanda zipewa, zokulungidwa m'thaulo. "Amalume, izi ndakutengerani inu, mwina muchotsamo maholda," anatero poitula katoniyo. Ndalama imene analipira pa katoni yonse sinafike ndi theka lomwe la mtengo wa thumba la feteleza. Ndinam'bwezera, n'kuwonjezerapo ya minibasi.

Chiwiya chadongo chilichonse umayamba wachitembenuza. Pansi pa ya buluu woderayi palembedwa Søholm, Bornholm, Denmark, ndi nambala ya mtundu wake. Bornholm ndi chilumba cha m'nyanja ya Baltic, cha anthu pafupifupi 40,000, ndipo ngakhale chili m'manja mwa Denmark, gombe la Sweden chili nalo pafupi kuposa Copenhagen, likulu la Denmark. Nthaka yake ili ndi dongo labwino, n'chifukwa chake tauni imodzi yokha ya Rønne idabereka mafakitale oumba angapo. Søholm idayamba mu 1835, Hjorth mu 1859, Michael Andersen mu 1890, ndipo za womalizayu mumazidziwa ndi chidindo cha nsomba zitatu. Søholm idatsekedwa mu 1996, choncho nyale yatsopano ya dzinali simudzaionanso. Ogulitsa pa intaneti mfundo imeneyi amaikoka kwambiri pokweza mtengo. Chimene sakonda kunena n'chakuti Søholm inali fakitale yeniyeni, ya antchito ambiri ndi zikombole, yopanga katundu wa m'nyumba za anthu wamba, aphunzitsi, manesi ndi makalaliki. Nyale zonga yangayi zidatuluka zambirimbiri. Mukaona wina walemba kuti Søholm ya buluu ndi yosowa, dziwani kuti akuitanira malonda.

Amakondanso kumata dzina la mmisiri, Einar Johansen, Maria Philippi kapena Noomi Backhausen. Onsewa adagwiradi ntchito ku Søholm, koma nyale zambiri zilibe dzina la munthu pansi, yanganso ilibe. Mupeza nyale imodzimodzi wina akuti ndi ya Johansen, wina akuti ya Philippi, onse molimba mtima. Ine yanga ndimangoti Søholm.

Chimene chinandigwira mtima ndi dongo lenilenilo, ndipo apa ndikulankhula monga mwana wa woumba. Mayi anga ankaumba mbiya ndi mitsuko kwathu cha ku Linthipe, dera limene dongo lake limadziwika ndi akatswiri a za miyala omwe. Ankaumba ndi manja, kusalaza ndi chitsononkho, kukulungiza ndi kamwala, n'kuotcha pa moto wa pamtetete wa makungwa ndi nkhuni. Moto wotere sufika patali. Dongo limatuluka lidakali ndi timabowo tosaoneka ndi maso, n'chifukwa chake mtsuko umachita thukuta, madzi n'kumazizira. Dongo la nyaleyi lidaotchedwa mu ng'anjo yotseka, pa madigiri opitirira 1,200. Likafika pamenepo limayamba kusungunuka m'kati n'kumatana lokha, timabowo timatsekeka, chiwiya chimatuluka chothinana, chosamwa madzi. Kulemera kuja kumachokera apa. Ndinadontheza madzi pa mkombero wa pansi, pamene palibe utoto, dontho linangokhala tototo mpaka ndinalipukuta. Pa phale la mtsuko likanalowa nthawi yomweyo n'kusiya banga lakuda.

Mayi akafuna kudziwa ngati mbiya yapsa bwino ankaigogoda ndi chala, ndipo njira yomweyo imagwira pano. Masulani kaye zachitsulo zonse, chifukwa nati yogwedera imanamiza khutu. Ikani thunthu pachikhatho, muligogode ndi chikhadabo. Labwino limalira "ngwee", kulira kotalika ndithu. Likakhala ndi mng'alu wobisika, kapena ngati wina adalimata ndi guluu, limangoti "kho" basi. Malo oyang'anitsitsa ndi kukhosi, pamene chitsulo chimatsamira dongo, ndi pa kabowo ka kumunsi kotulukira chingwe. Kabowoka kamaulula zambiri. Ngati adakaboola a fakitale dongo lisanapse, m'mphepete mwake mumakhala mosalala ndipo kawirikawiri utoto umalowa pang'ono m'kati. Koma mukakhala mokhakhala, mobenthukabenthuka, ndiye kuti inali vazi ya maluwa imene wina adaiboola ndi dirilo kuti isanduke nyale. Imayaka bwinobwino, kungoti musalipire mtengo wa nyale imene idabadwa ili nyale.

Utoto wa pamwambawu si penti. Ndi gilezi, ufa wa miyala wosakaniza ndi madzi umene amapaka chiwiya chisanalowe mu ng'anjo, ndipo pamoto umasanduka galasi lomatirira ku dongo. Buluu amachokera ku mtundu wina wa chitsulo wotchedwa cobalt, kufiirira kumachokera ku chitsulo wamba. Gileziyu akasungunuka amayenderera, pa mizere yotumphuka amathawapo, m'timakwawa amadzazamo, moti nyale ziwiri zotuluka m'chikombole chimodzi sizifanana. Pa yanga, mbali imodzi pali dontho limene linkatsetsereka n'kuima litatsala pang'ono kufika pansi. Ndi lokhuthala, lakuda pakati, m'mphepete mwake muli buluu wowala. Chakumtunda kuli kabowo kochepetsetsa, kolowa nsonga ya singano yokha, pamene mpweya udatulukira gilezi ali wamadzimadzi. Wogula wochenjera akhoza kuloza zimenezi n'kunena kuti ndi chilema kuti mum'tsitsire. Ine chala changa chimapita pa dontholo nthawi zonse ndikamayatsa. Choipa n'chakuti mkombero wa pansi uja ndi wokhakhala, umakanda vanishi ya tebulo. Ndinamatako kansalu kokhuthala, koma ndinadula pakati kuti malemba azioneka.

Tibwere ku kuwala, poti nyale ndi nyale. Ku Copenhagen mwezi wa December usana umakhala maola 7 okha, ku Stockholm, likulu la Sweden, pafupifupi 6. Kuno ngakhale pakati pa June, usana waufupi kwambiri umapitirira maola 11. Anthu amene amakhala miyezi yambiri m'nyumba atayatsa magetsi adaganiza mozama za pamene kuwala kuyenera kugwera. Poul Henningsen wa ku Denmark, amene nyale zake zidayamba kudziwika pa chionetsero cha ku Paris mu 1925, adathera moyo wake pa nkhani imodzi, yoti babu lisamathobwe munthu m'maso. Zake zinali za chitsulo ndi galasi, koma nyale zadongozi zimayenda m'ganizo lomwelo. Nyale ikhale pansi, pafupi ndi munthu, babu litabisika, kuwala kukugwera pa buku ndi pa manja. Ife tidazolowera babu limodzi losavala pakati pa denga, loyera mbee, limene limasandutsa pabalaza kukhala ngati wodi ya kuchipatala. Ndimaika mababu otere tsiku ndi tsiku chifukwa makasitomala amafuna omwewo, koma kwanga ndinasiya.

Ndipo ngati kuli malo m'Malawi muno amene nyale yotere imamveka, ndi kuno. Tauni yathuyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lokwera mamita 2,198 lili pamutu pathu, ndipo mu June ndi July chifunga chikatsika madzulo aliyense amathamangira m'nyumba, juzi pamwamba pa juzi. Nyale siitenthetsa chipinda, koma kuwala kwake kwachikasu kumakokera anthu pakona imodzi. Amayi akunyumba tsiku loyamba anaseka: "Abambo, mwatibweretsera mtsuko wopanda kukamwa?" Panopa ndi iwo amene amayatsa ine ndisanaweruke. Komabe tinene zoona, si nyale ya ntchito yofuna maso. Iwo ndi telala, ndipo akafuna kulowetsa ulusi kapena kusoka nsalu yakuda amayatsabe la kudenga. Mwana wolemba homuweki akhale pafupi nayo kwambiri. Kuwala kwake kumakwana anthu awiri kapena atatu, osati chipinda chonse.

Tsopano mbali ya ntchito yanga. Mphamvu ya magetsi ya ku Denmark ndi ku Sweden ikufanana ndi yathu, kale inali mavolti 220, pano 230, choncho thiransifoma siifunika. Chosiyana ndi pulagi ya mano awiri ozungulira, pamene masoketi athu ndi a mano atatu afulati. Ndimaona anthu akutosa bowo la pamwamba ndi chivindikiro cha bolopeni kuti pulagi yotere ilowe. Musatero. Dulani, ikani pulagi yathu, ndipo m'kati muikemo fyuzi ya maampu 3, osati ya 13 imene imabwera ndi pulagiyo. Ya 13 ndi ya ketulo. Chingwe chowonda cha nyale chikhoza kupsa, fyuzi yotereyo isanaganize n'komwe zoduka.

Chingwe chakalecho kunja chinkaoneka chabwino, koma nditachipinda pafupi ndi khosi pulasitiki inathetheka, mkuwa n'kuonekera. Zaka zambiri za babu lotentha la mawati 60 zimaumitsa chingwe pamalo pamenepo, m'kati mwa kapaipi, mosaoneka ndi maso. Pa holda panali chilembo D m'kabwalo, chizindikiro cha DEMKO, bungwe limene linkayesa zamagetsi ku Denmark. Za ku Sweden zimakhala ndi S ya SEMKO. Chizindikirochi chimathandiza kudziwa dziko limene nyale idagulitsidwa, koma chikunena za chitetezo cha nthawi imeneyo, chingwe chili chatsopano. Holda yangayi ndi yachitsulo, pamene chingwe chinali cha mawaya awiri, chopanda wa efi. Waya wamoyo atangokhudza chitsulocho, woyamba kudziwa ndi mwana amene mwam'tuma kukayatsa. Mukhoza kuika holda ya pulasitiki, kapena kuika chingwe cha mawaya atatu n'kumangirira efi ku chitsulo. Ine ndinachita chachiwirichi, chifukwa holda yakaleyo ndi yamkuwa, yokhuthala, yabwino kuposa zimene ndimagulitsa mu shopu mwanga. Pulagi ndi chingwe chakale ndinasunga mu jumbo, poti ogula zakale ena amafuna kuziona.

Pomanga ndi pamene nyale zambiri zimafera, ndipo wozipha kawirikawiri ndi mmisiri mnzanga. M'khosi mumadutsa kapaipi ka mazinga ka mamilimita 10. Kumtunda kamagwira holda, kumunsi, m'kati mwa mimba, kamamangidwa ndi nati. Munthu wozolowera zitsulo amakoka natiyo ndi sipanala mpaka iti gwa, kenaka mumangomva "the", khosi lang'aluka. Dongo silipindika ndipo silichenjeza. Ikani washa ya labala mbali zonse ziwiri, ine ndinadula ku chubu chakale cha njinga, mumange ndi zala, n'kungowonjezera pang'onong'ono ndi sipanala. Ikaninso chogwira chingwe m'kati, kuti wina akachikoka mawaya asazuke ku holda. Chingwecho chidutse kuseri kwa tebulo, kukhoma. Nyale iyi ikagwa pa simenti palibe kachiwiri.

Holda yake ndi ya E27, ya babu la mazinga, pamene nyumba zambiri kuno zili ndi ya mapini. Mababu a mazinga akupezeka m'mahadiweya, nkhani ili pa mtundu wa kuwala. Ambiri amene mupeza pa boma ndi oyera aja olembedwa 6500K. Ndinaikako limodzi, buluu anachita kukuwa, kufiirira kuja kunasanduka kotuwa. Lofunika ndi lolembedwa 2700K kapena 3000K, la LED, mawati 5 mpaka 7, ngakhale nthawi zina mpaka kuitanitsa ku Lilongwe. Ndi limeneli buluu amadera, m'timakwawa amachita ngati wakuda, mizere yofiirira n'kumawala. Mtundu wake weniweni mumauona m'mawa nyale ili yozima, dzuwa likalowera pawindo. Babu lotere silitentha chipewa, ndipo maunitsi limadya ochepa kwambiri moti pa mita simuzindikira.

Chipewa ndiye chinativuta. Nyale zambiri zakalezi zimayenda mutu uli pamtunda, chifukwa nsalu ndi pepala sizikhala zaka zimene dongo limakhala. Ku Denmark chipewa chotchuka ndi cha Le Klint, kampani imene idayamba mu 1943 ndipo mpaka lero imapinda zipewa ndi manja ku Odense, zoyera, za mapindiko ang'onoang'ono. Chimodzi chatsopano chimadula kangapo konse kuposa ndalama imene inapita pa katoni ija. Ife tinapanga chathu. Wowotcherera wa pafupi ndi shopu anandipindira mikombero iwiri ya waya wokhuthala, amayi n'kusoka nsalu. Iwo poyamba anafuna chitenje. Titachiika usiku, maluwa a chitenje ndi mizere ya dongo zinkalimbirana maso, kuwala n'kumatuluka kobiriwira pankhope za ana. Anavomera okha: "Ayi abambo, ichi chikuphimba mtsuko wanu." Chimene chinagwira ndi bafuta wamba, wosayera kwambiri, wokoka bwino kuti asachite makwinya. Muyeso umene ndapeza kuti umakhala bwino ndi wakuti kutambalala kwa chipewa kumunsi kufanane ndi kutalika kwa thunthu, ndipo chitsike mokwanira kuti munthu wokhala pampando asaone holda. Chikachepa nyale imaoneka yopanda mutu, chikakula dongo limabisika, chonsecho mwagula dongolo.

Inzake ija ndi yaifupi, ya buluu wowala wopita kobiriwira, yodindidwa timizere, timitanda ndi timadontho thupi lonse. Inali ndi kapepala kolembedwa Bergboms ndi S ya SEMKO, ndiye mnyamata uja anali atatsimikiza kale kuti ndi ya ku Sweden. Theka lake n'zoona. Bergboms inali kampani ya nyale ya ku Malmö, koma mathunthu ambiri adongo inkaitanitsa ku Bitossi, fakitale ya ku Montelupo pafupi ndi Florence ku Italy, kumene Aldo Londi adatchuka ndi buluu wa Rimini Blu m'zaka za m'ma 1950. Nditatukula kansalu ka pansi ndinapeza palembedwa Italy ndi burashi. Dongo lake ndi lopsa pa moto wocheperapo, lopepukirapo, kulira kwake n'kwakufupi, ndipo kumunsi idabenthuka kale malo awiri. Ndi nyale yansangala, ana amaikonda kuposa ya Søholm, ndipo nayonso ili ndi anthu ake oisakasaka. Kungoti kapepala ka kampani ya nyale sikanena kumene dongo lidaumbidwa. Ndinaiika mu shopu, pa shelefu ya kumtunda kumene makasitomala safikira.

Za mitengo. Pa misika ya pa intaneti ya Etsy ndi 1stDibs, Søholm yonga yangayi amailemba madola mazana angapo, pamene pa maokishoni a ku Denmark ndi Sweden komweko imapita motsika kwambiri. Pamwamba pake pali mayina amene mtengo wake uli ndi chifukwa chomveka, poti manja adachuluka kuposa zikombole. Palshus inali ntchito ya banja limodzi, Per ndi Annelise Linnemann-Schmidt, ndipo nyale zawo zambiri zimapezeka zitavala chipewa cha Le Klint. Saxbo, imene idakhalapo kuyambira 1930 mpaka 1968, inali ya Nathalie Krebs, mayi amene adaphunzira uinjiniya wa zosakanizasakaniza ndipo ankadzipangira yekha magilezi. Kähler ya ku Næstved, ya 1839, mumaidziwa ndi zilembo HAK. Ku Sweden kuli Rörstrand ya 1726, ya chilembo R ndi zisoti zachifumu zitatu, kumene kunali Gunnar Nylund ndi Carl-Harry Stålhane, komanso Gustavsberg, imene situdiyo yake idatsegulidwa ndi Wilhelm Kåge mu 1942 ndipo chizindikiro chake ndi dzanja. Kumeneko ndiko kunali Stig Lindberg ndi Berndt Friberg. Pamwamba pa onse pali Axel Salto, amene adamwalira mu 1961. Ziwiya zake za ku Royal Copenhagen, zathupi la timiyulu ndi timinga, zimafika madola masauzande ambirimbiri.

Kutchuka kumeneku sikudagwe kumwamba. Mayikowa adatsatsa dala luso lawo nkhondo yachiwiri itatha. Chionetsero cha Design in Scandinavia chidazungulira America ndi Canada kuyambira 1954 mpaka 1957, ndipo cha H55 chidachitikira ku Helsingborg ku Sweden mu 1955. Ogula a lero, makamaka a ku America, akutsatirabe fungo la nthawi imeneyo.

Kodi munthu wa kuno aitanitse kunja? Ine ndingati ayi. Chinthu n'cholemera, n'chosachedwa kusweka, mtengo wotumizira ukhoza kufanana ndi wa nyale yeniyeniyo, pamwamba pake msonkho wa pachipata, ndiye muganizenso mmene ndalama zakunja zikuvutira. Ndipo ngati mukuti mudzagulitsanso n'kupindula, msika umenewo kuno kulibe. Wogula wa pa Dedza adzaiyerekeza ndi nyale ya pulasitiki ya mu shopu ya Mtchaina, n'kukupatsani mtengo wa yomweyo. Njira yanzeru ndi kutsegula maso pa zimene zili kale m'dziko muno. Anthu a ku Denmark, Norway ndi Sweden agwira ntchito m'Malawi zaka zambiri. Denmark idatseka ofesi ya kazembe wake mu 2002, Norway idakali nayo ku Lilongwe, ndipo katundu wa m'nyumba sabwerera yense. Pa selo, pa kaunjika wa ziwiya, ngakhale m'nyumba ya agogo amene ankaphikira azungu, tembenuzani chilichonse chadongo cholemera mopitirira msinkhu wake.

Magetsi akazima nyaleyi imazima limodzi ndi zonse, n'zachidziwikire. Koma mawati 5 si kanthu pa kainveta kakang'ono, ndipo amene ali pa sola akhoza kuikamo babu la E27 la mavolti 12, limene ogulitsa za sola amakhala nalo, n'kulumikiza ku batire. Mukatero chotsani pulagi ya mano atatu ija, kuti mlendo asadzailowetse kukhoma n'kuphulitsa babu.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti dongo lopsa chonchi sitifunika kulisaka ku Baltic. Makilomita ochepa kuchokera pa shopu yanga pali Dedza Pottery, imene yakhala ikuumba ndi kuotcha mbale, makapu ndi matailosi kuyambira 1987. Ndinagogoda kapu ya kumeneko pambali pa Søholm, zonse zinalira "ngwee", ndipo dontho la madzi linakana kulowa pa zonse ziwiri. Kusiyana kuli pa kakongoletsedwe. Zathu zambiri zimajambulidwa nyama, midzi ndi nyanja, zimene alendo amakonda kunyamula. A ku Bornholm sanajambule kanthu, adangodula mizere n'kusiya gilezi ndi moto zipangane zokha. Pa nyale ine ndimakonda chachiwirichi, chifukwa chinthu chimene uzichiyang'ana usiku uliwonse sichifunika kuchulutsa nkhani.

Ngati mukufuna kuodetsa thunthu kwa woumba aliyense amene ali ndi ng'anjo yofika moto umenewu, muuzeni zitatu. Kumunsi kukhale kotambalala ndi kolemera, kuti chipewa chisagwetse nyale. Pansi asiye pobooka polowa dzanja, apo ayi nati ija simudzaifikira. Ndipo bowo la kukhosi aboole la mamilimita 12 kapena 13 dongo lili lonyowa, osati 10, chifukwa dongo lotere limafota pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 pouma ndi popsa. Akaboola 10 ndendende, kapaipi sikalowa, ndipo kukuza bowo pa dongo lopsa kale kumafuna dirilo ya dayamondi imene pa boma pano simuipeza.